Mgolo wa Che Binali

Binali Mdoka anaikidwa m'manda ali ndi dzanja limodzi ndi diso limodzi. Dzanja lamanja ndi diso lamanja anazisiya pachigayo chake, kuseri kwa minda ya mpunga ya ku Lifuwu, Lachisanu lina la mwezi wa Okutobala mu 1995. Ana a masiku ano amati dzanjalo linadyedwa ndi lamba wa chigayo. Amanama. Lamba analibe mlandu.

Munthuyu anakulira pamoto. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri analembedwa ntchito kunjanji, yoponya malasha m'ng'anjo ya sitima yapamtunda. Dalaivala wake anali mkulu wina dzina lake Mose, amene nthawi ya nkhondo yaikulu anayendetsapo malole oyendera makala, petulo atasowa. Mose ndiye anamuuza chinthu chimene Binali anachisunga zaka makumi anayi.

"Iwe, moto ukaupatsa mpweya wonse umene ukufuna, umadya zonse n'kukusiyira phulusa. Koma uumane mpweya, uzingofuka. Utsi umenewo ndi mafuta. Injini imamwa."

Sitima za malasha zitatha, Binali anakhala makanika ku Chipoka. Ntchito ankaidziwa. Anthu sankamukonda. Dzanja lake linkafulumira kuposa pakamwa pake, ndipo amene analilawa kwambiri ndi Musa, mwana wa mlongo wake. Mayi ake a Musa atamwalira, Binali anamutenga monga mwa udindo wa malume, n'kumulera ndi lamba wa fani. Tsiku lina anamuwomba mbama chifukwa chotaya nati imodzi mumchenga. Khutu lamanzere la Musa silinamvenso kuyambira tsiku limenelo.

Atangomera ndevu, Musa anachoka n'kukakhala mlovi, wokoka makoka a eni ake. Anakoka zaka zisanu ndi chimodzi, osasuta fodya, osagula ngakhale wailesi, mpaka anapeza ng'ombe ziwiri zapagoli ndi ngolo. Anazitcha Bulaki ndi Kapiteni. Anabwera nazo ku Lifuwu, nakwatira, nayamba kulimira anthu ndi kuwatutira mpunga ndi njerwa.

Chaka cha chisankho cha matipate, Binali anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzake ambiri. Anabwerera kwawo ku Lifuwu ndi mkazi wake, Abiti Sumani, ndi injini yakale ya Landirova imene anailumikiza ku chigayo. Chigayo chinayenda miyezi itatu. Kenaka kwacha inagwa, petulo anakwera, nakweranso, ndipo zigayo zinayamba kutseka chimodzichimodzi. Binali ankakhala pakhonde kuyang'ana phiri la mankhusu kuseri kwa makina opunthira mpunga, amene anthu ankangowayatsa kuti achepe. Anakumbukira Mose.

Anawotcherera mgolo wa chitsulo chokhuthala, wautali kufika pachifuwa, wa chivundikiro cholemera chotsekera ndi mpiringidzo. M'menemo ankathiramo mankhusu osakaniza ndi zitsononkho n'kuyatsa pansi. Utsi unkatuluka ndi paipi, n'kudutsa mumgolo wachiwiri wa madzi kuti usambe, ndi wachitatu wa khonje ndi utuchi kuti uume, kenaka n'kulowa mu injini. Miyezi inayi injiniyo inkangotsokomola n'kuzima, itamatidwa ndi phula lakuda. Ankaimasula, kuitsuka, kuimanganso. Abiti Sumani ankauza anzake kuti mwamuna wake watsala pang'ono kutola mapepala.

Chimene chinatsegula njira ndi kachitini. Binali anakumbukira kuti pasitima, malasha onyowa pang'ono ankayaka moto waukali. Anaboola kachitini ka mafuta ophikira ndi msomali, nakapachika pamwamba pa paipi yotentha kuti madzi azidontha, asanduke nthunzi, nthunziyo izilowa pamoto. Tho. Tho. Tho. Injini inalira ngati yangochoka kumene m'sitolo.

Mlangizi wa zaulimi, a Fletcher Gondwe, munthu wa kumpoto, ndi yekhayo amene analoledwa kusuzumira, kamodzi kokha.

"Che Binali, mukudziwa chimene mwapanga apa? Nthunzi ikakumana ndi makala ofiira imasweka. Mpweya ukutulukawo kusukulu timati haidrojeni. Ndi waukali kuposa petulo. Muzisamala nawo."

"Kusukulu kwanuko dzina lilipo. Nanga chigayo chilipo?"

Ukali wake Binali ankaudziwa kale. Lawi la mpweya umenewu masana silioneka. Ankaliyesa ndi udzu wouma, ukapsa ndiye kuti layaka. Ndipo panali lamulo limodzi. Injini ikamayenda, ukhoza kutsegula chivundikiro n'kuthira mankhusu, chifukwa injiniyo ikukoka mpweya wonse. Koma ikazima, mpweya umadzazana mumgolo. Ukatsegula usanazizire, umaphulika. Anaphunzira zimenezi mmawa wina ali yekha. Chivundikiro chinauluka n'kudula nthambi ya mango, ndevu zake zonse n'kupita. Anauza anthu kuti wameta.

Lamulolo sanauze munthu. Ankaopa kuti ena angatengere luso lake. Anamanga mpanda wa bango kuzungulira migolo ija, n'kuika denga la malata pamwamba. Amayi ankabwera ndi chimanga kuchokera kutali, chifukwa chigayo chotsika mtengo chinali chokhacho, koma pamzere ankanong'onezana. Chigayo chanji chosagula mafuta? Chigayo chanji chomwa madzi a m'chitini? Mankhusu ankawaona akulowa, koma ankati uko n'kungotiphimba m'maso. Ena ankati mumgolomo muli ndondocha, munthu wodulidwa lilime, ndiye akupukusa. Ena ankafika potchula dzina: mlongo wake yemwe uja, mayi ake a Musa.

Binali ankamva zonsezi n'kumaseka.

"Che Binali, gwetsani mpandawu anthu aone," anatero Abiti Sumani. "Pakamwa pa anthu si pabwino."

"Loko wa kusitolo akuba amathyola. Loko uyu angathyole ndani? Asiye aziopa."

Mlandu weniweni wa Binali sunali wa ndondocha. Unali wa madzi. Madzi a mumgolo wachiwiri uja, akasambitsa utsi masiku atatu, ankada bii, onunkha ngati msewu watsopano. Binali ankawakhuthulira mungalande yotsikira kudambo. Udzu wa m'mbali mwake unapsa. Abakha a anthu anayamba kufa. Eni ake akabwera kudzadandaula, ankabwerera ndi mwano.

Musa anabwera kamodzi. Anavula chipewa, naima pakhomo.

"Amalume, madzi anuwa akutsikira kumene timamwetsa ziweto. Kumbani dzenje."

"Ng'ombe ili ndi mphuno. Ikanunkhiza isiya."

"Kunja kwauma, amalume. Zithaphwi zonse zaphwa."

"Nyanja yaphwanso? Choka apa, ndili pantchito."

Chaka chimenecho mvula inali itakana, ndipo dzuwa la Okutobala linkang'amba nthaka. Lachinayi Musa anatuta njerwa tsiku lonse. Atangomasula goli, ng'ombe zinathamangira kudambo zisanakusidwe, n'kumwa chimene zinapeza. Lachisanu mmawa anazipeza zitagona m'khola, mimba zitatupa, thovu kukamwa, miyendo itauma kale. Akanazipeza zikupuma akanazizinga, nyama n'kudyedwa. Koma zinafa zokha. Haramu, Msilamu sangadye. Zaka zisanu ndi chimodzi za ulovi zinalowa m'dzenje limodzi, ndipo dzenjelo anakumba yekha.

Anthu atatuluka mumzikiti masana, Musa sanapite kunyumba. Anasenza goli paphewa n'kulunjika kuchigayo. Anamutsatira amuna ngati makumi awiri, ena eni abakha aja, ena ongofuna kuona. Panjira anawonjezekera Christopher, chimunthu chachitali chimene kale chinali mpayoniya, chitanyamula chikwanje ndi fungo la kachasu. Masiku amenewo anthu anali atangosiya kuopa boma, ndipo ambiri ankayesa kuti ufulu ndi kuweruza okha. Wakuba akagwidwa pamsika, tayala ndi machesi zinkafika msanga kuposa apolisi.

Binali sanapite ku mapemphero a Juma tsiku limenelo, chifukwa mzere unali wautali. Anali ataima pakhomo la chigayo, ovolosi ili mbuu ndi ufa, sipanala yaikulu ili m'thumba lakumbuyo. Musa anaponya goli pamapazi ake.

"Valani, amalume. Mawa ndili ndi njerwa za anthu zoti nditute."

"Wadwala mutu?"

"Bulaki ndi Kapiteni afa. Amwa madzi anu."

Binali anayang'ana golilo. Anadziwa kuti ndi zoona. Mawu oyenera anali pafupi, koma pamaso pa amayi onse aja ndi amuna makumi awiri, anakana kutuluka. Chimene chinatuluka ndi dzanja. Mbama inalira patsaya la Musa, bambo wa ana atatu.

Ndiye anthu aja anamugwera Binali.

Anayamba ndi Christopher, ndi kumsana kwa chikwanje, pakati pa mapewa. Binali anagwada, nadzuka, nagwetsa mmodzi ndi chibakera, koma anali ambiri. Wina anatola goli lomwelo n'kumukwapula nalo m'nthiti. Anamva ziwiri zikuthyoka ngati bango louma. Anamuponda m'mimba, kumutu, m'mimbanso. Mano atatu anawalavulira mu ufa. Amayi anabalalika akukuwa, malichero ndi matumba zili mbwee. Abiti Sumani anadziponya pakati pawo, wina anamugwira mpango n'kumuponyera kukhoma.

"Lero timuona amene amakupukusira!" anakuwa Christopher. Anathamangira ku injini n'kutema mawaya. Injini inatsokomola kawiri, n'kukhala chete.

Kukhala chete kwa injiniko ndiko kunadzutsa Binali. Nthiti anaziiwala. Atagona chammbali pafumbi, anaona anthu akugwetsa mpanda wa bango, migolo itatu ili poyera, kachitini kali pamalo pake. Tho. Tho. Madzi anali akulowabe pamoto. Mpweya unali kudzazana, kopita ulibe.

"Chotsani kachitiniko," anatero, mawu akutuluka ndi magazi. "Chokanipo pamenepo nonse."

"Mwamva? Akuti tichokepo!"

"Tsegula, Musa! Mwina ndi amayi ako ali m'menemo!"

Musa anatola chitsulo chokumbira maenje chimene chinali chotsamira khoma. Nkhope yake inali gwa. Za ndondochazo mwina sankazikhulupirira, koma anali atazimva miyezi yambiri, mkazi wake akunyozedwa nazo pachitsime, ana ake akusekedwa nazo kumadrasa.

"Musa, usatsegule. Dikira uzizire. Ikakwana swala ya Alasiri, dzuwa litapendeka, nditsegula ndekha, uone ndi maso ako."

"Akufuna athawitse chinthu chakecho!" anatero wina.

"Wallahi, muli mpweya. Uphulika. Ufa iwe."

"Mpweya? Mwayamba liti kutiuza za m'kati?" anatero Christopher. "Dzulo munali bubu, lero mwasanduka aphunzitsi!"

"Musa, ukundimva?"

Musa anatembenuza mutu n'kuloza khutu lake lakufa lija.

"Lankhulirani kuno, amalume. Munalikonza nokha."

Anthu anaseka. Musa anakwera panjerwa zimene Binali ankapondapo pothira mankhusu, nalowetsa chitsulo kunsi kwa mpiringidzo. Nkhope yake inali pamwamba penipeni pa chivundikiro.

Binali anaona kuti mawu amuthera. Zaka zonse zija sanamuphunzitse mwanayu kumva mawu ake. Anamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha. Amuna awiri anali atamudzutsa Binali n'kumupana mikono. Mmodzi anamuluma chala mpaka pafupa, winayo anamugunda ndi mutu pamphuno, nasolola sipanala m'thumba. Mapazi asanu anamufikitsa pamgolo. Mpiringidzo unali utamasuka kale. Anamenya Musa paphewa ndi mphamvu zonse zimene zinamutsalira. Fupa linalira. Musa anagwa chagada kuseri kwa mgolo wa madzi.

Chivundikiro chinali chitadzuka mpata wa chala chimodzi. Binali anachikanikiza ndi dzanja lamanja kuti chibwerere.

Anachedwa.

Phokoso linamveka mpaka kuminda ya mpunga. Moto palibe anauona, dzuwa linali lowala kwambiri. Anangoona chivundikiro chikuboola denga la malata, ndi Binali ataponyedwa pampanda wogwa uja. Dzanja linali litatsala ndi chala chachikulu chokha, cholendewera. Theka la nkhope linali lofiira ngati mbuzi yosenda. Bango linayamba kufuka pansi pake, ndipo Abiti Sumani anamukoka miyendo, nazima ovolosi ndi chitenje chake. Christopher, tsitsi likununkha, anataya chikwanje n'kuliyatsa liwiro. Ambiri anamutsatira.

Mayi wina amene ufa wake unatsalira m'chigayo anayandikira pang'onopang'ono, nakwera panjerwa zija, nasuzumira mumgolo.

"Mankhusu," anatero. "Mankhusu okhaokha ndi phulusa."



Galimoto panalibe. Anakatenga ngolo ya Musa, ndipo poti ng'ombe kunalibe, amuna anayi mwa omwe anamumenya aja anagwira mtengo wa ngolo n'kukoka mpaka pamsewu, pamene a Gondwe anaimitsa galimoto yopita ku boma. Malume ndi mwana wa mlongo wake anagona mungolo imodzi, osayang'anana.

Kuchipatala dzanjalo analidulira m'munsi mwa chigongono. Diso linali litapsa kale, panalibe chochita. Apolisi anabwera tsiku lachitatu ndi kope lawo.

"Anakumenyani ndani, bambo?"

"Mgolo."

"Mgolo umathyola nthiti? Umagulula mano?"

"Wanga umatero."

Anatseka kope n'kumapita.

Binali anatuluka m'chipatala mvula itayamba. Anapeza chigayo chili momwe anachisiyira, denga lili ndi chibowo, ufa wa tsiku lija utamera nguwi. Phewa la Musa linali litapola mokhota. Mkono sunkakweranso kupitirira khutu, kotero zobwerera kumakoka zinathera pomwepo. Analibe ng'ombe, analibe phewa, ndipo ana atatu aja ankadya kwa apongozi.

Mmawa wina Binali anamuitanitsa. Musa anabwera, naima patali, chipewa chili kumutu.

"Tenga khasu. Kumba apa, kuya kwake kupitirire mutu wako. Tiwaka ndi simenti. Madzi akuda azilowa m'menemo."

"Ndinakuuzani kale zimenezo."

"Unandiuza. Kumba."

Kumeneko ndiko kupepesa konse kumene Musa analandira. Anakumba masiku anayi ndi phewa lokhotalo, Binali atakhala pachitsa pambali pake. Tsiku lachiwiri, dzenje litafika m'chiuno, Musa anaima n'kutsamira khasu.

"Munandithyoleranji phewa? Simukanangondikoka malaya?"

"Ukanatsika?"



"Ayi."

"Kumba."

Nkhaniyo sanaikambenso mpaka imfa.

Dzenje litatha, anayamba migolo. Binali anali ndi mutu wopanda dzanja, Musa manja opanda luso, ndiye zinthu zimene zinabisidwa kuseri kwa bango zinayenera kunenedwa chimodzichimodzi. Mankhusu angati, zitsononkho zingati. Khonje asinthidwe liti. Madontho angati pa mpweya umodzi wa munthu. Binali ankanena mokalipa, Musa ankamutchera khutu lamanja. Mpanda sanamangenso. Tsiku limene injini inaliranso, Binali anaima kutsogolo kwa mzere wa amayi, nakweza chitsa cha mkono wake kuti onse achione.

"Tamverani. Umo muli mankhusu. Utsi wake ndiwo ukugaya chimanga chanu. Injini ikazima, wokhudza chivundikiro icho atsala chonchi. Mukauze amuna anu ndi ana anu."

Kenaka anatembenukira kwa Musa n'kuloza migolo ija ndi chibwano.

"Ng'ombe zako ndi izo. Uzizimwetsa bwino."

Binali anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lililonse ankabwera kudzakhala pachitsa chija, pafupi ndi kachitini, akumakonza madontho ndi dzanja lamanzere ndi kutukwana Musa akachedwa kugwedeza phulusa. Sanamenyenso munthu. Ena kumzikiti ankati moto unamusintha mtima. Abiti Sumani ankati mtima ndi womwe uja, kungoti dzanja lomenyera ndi limene linapita.

Chigayo chinayendabe mpaka magetsi atafika kuderalo. Zaka zonsezo, injini ikangozima, Musa ankachotsa kachitini, n'kuthamangitsa aliyense kufikira pamtengo wa mango. Kenaka ankaima yekha pafupi ndi mgolo, sipanala yaikulu ija ili m'manja, mpaka chitsulo chitazizira.